Chigamba Chofiira pa Khoma la ku Oldbury

Zimitsani tiviyo, ana inu. Mphatso, amuna anga, ndevu zonsezo udakaikabe miyendo patebulo? Tsitsa. Chisomo, bwera ukhale apa pafupi ndi hita. Iwe Tadala, ngati wafuna kundipatsa nkhongo ndipatse, yang'ana pawindo pomwepo, makutu okha undibwereke. Tiyi ndakupangira uja wazizira osamukhudza, ndaona.

Ndine ndinapaka penti wofiira pa chithunzi chako. Sindikukana. Ndinapaka ndi dzanja langa ili, onani m'zikhadabomu mudakali mofiira. Mawa masana akubwera a khansolo kudzatsegulira khoma lija, dzina lako lili papepala la mwambo, ndipo pakati pa gawo lako pali chigamba chachikulu ngati chitseko. Ndikudziwa zonsezo, n'chifukwa chake kuyambira dzulo mtima sukukhala m'malo. Koma musanagamule kuti nkhalamba yapenga, ndimvereni. Ndikaima pena kufunafuna mawu mundidikire, musandithandize.

Ine ndidakulira kuseri kwa mapiri a ku Dedza, kumene kuzizira kumaluma zala ngati kuno komwe, kungoti kumeneko kunalibe hita. Tikakolola, chimanga chalowa m'nkhokwe, ntchito ya akazi inali kukonza nyumba. Inu mukamva kupenta mumaganiza za chitini ndi chogudubuza chija Mphatso adandithimbirizira nacho kapeti. Ife penti wathu tinkakumba. Katondo wofiira tinkamutenga kumtunda kwa munda wa agogo anga, mtsiro wakuda kudambo, koma dothi loyera linali patali, kutsidya kwa mtsinje, ulendo wolawirira ndi mbatata yootcha yomanga pansonga ya chitenje. Kusenza dengu la dothi lonyowa, ana inu, khosi limalowa m'mapewa. Tikafika tinkalisungunula m'phale n'kumatsutsuta khoma ndi chikhatho. Pansi tinkazira, kenako n'kukulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje mpaka pawale. Mwala wa amayi anga sunkabwerekedwa. Mkazi wa malume adautenga tsiku lina osapempha, mlandu wake udatha mwezi.

Amayi angawo anali katswiri. M'munsi mwa khoma ankazunguliza lamba wakuda, pamwamba pake mzere wokhotakhota umene ankauti njira ya mbuzi, kenako nkhanga, madontho ake oyera akuika ndi chala, limodzilimodzi. Anthu opita kuchigayo ankaima ndi matumba pamutu kuyang'ana. Zimenezo zinali za aliyense, mwamuna, mwana, mlendo wongodutsa. Gwirani pamenepo kaye, kuti pali zojambula za panja.

Ndiye pali zina. Dzinja tinkakwera kuphiri kukazula bowa. Si bowa wa m'mapaketi uyu wosanunkhira kanthu ayi, bowa weniweni, woti ukamuphika ndi nsinjiro oyandikana nawo amabwera kudzafunsa za moyo. Tsiku lina mvula idatipeza kumeneko, ine ndi amayi, tidathawira m'phanga. Maso atazolowera ndidaona kuti mwala wonse ndi wolembalemba: zozungulira zofiira, zina za timizere ngati dzuwa, zina ngati makwerero.

Ndidati, "Amayi, adalemba ndani?"

Adati, "Eni ake. Akafula, anthu aafupiafupi amene makolo athu adawapeza kuno."

"Nanga adapita kuti?"

"Tidawalanda malo," adatero.

Pambali pake panali zina zoyera, zooneka zatsopanoko. Nditatembenukira kumeneko amayi adandigwira chibwano n'kundibweza nkhope. Adati, "Izo ndi zathu, koma si zako lero."

Zidakhala zanga nditatha msinkhu. Amayi anga anali namkungwi, ndiye kuti mayi wamkulu wolangiza atsikana akakula. Chisomo usanditong'olere maso, nthawi yako ikubwera. Zimene zinkachitika m'tsimba, nyumba yolangiziramo, sindinena pano pali Mphatso. Chimene ndinganene ndi ichi: anamkungwi ankaumba zinthu pansi, ndi dothi la mitundu itatu lomwe lija, chilichonse ndi nyimbo yake ndi tanthauzo lake. Namwali akaona, akamva, akabwereza, amayi onse ankaimirira n'kupondaponda mpaka pansi pasalale. Munthu wolowa pambuyo pake sankapeza kanthu.

Pamene ndinkanyamuka kukaphunzira unamwino, amayi adanditsekera m'nyumba masiku atatu kundiphunzitsa zonse, chifukwa pa ana awo aakazi wotsala ndinali ine ndekha. Adati, "Izi ndidazilandira kwa amayi anga, iwonso kwa amayi awo, pa dothi lomweli. Zimakhala m'mutu. Ukaziika pansi uzifafanize dzuwa lisanalowe. Ndipo usadzafe nazo." Malamulo awiri. Ndidavomera onse mwamsangamsanga, chifukwa mtima unali kale pa basi.

Zaka zidapita. Ndidagwira ntchito m'zipatala za kwathu, ndidakwatiwa ndi agogo anu aamuna, mzimu wawo uuse, ndidalowa gulu la amayi a kumpingo. Kumpingoko za m'tsimba zinkatchedwa zachikunja, ndiye ndidazipinda n'kuzibisa. Kenako kudabwera ulendo wa kuno. Ndidatsika ndege ndi sutikesi imodzi, mthiko, ndi juzi yoluka ndekha imene mphepo inkangodutsamo ngati m'sefa. Tinkakhala ku Bordesley Green, m'kanyumba ka pamwamba pa shopu, makoma ake otuluka thukuta. Ufa tinkausaka m'mashopu a amwenye, nkhwani kumangoulota. Mashifiti ankatsatizana mpaka munthu kuiwala kuti lero n'lachingati. Inu basi ikachedwa mphindi zisanu mumalira ngati mwaferedwa.

Mayi anu adatha msinkhu m'kanyumba komweko. Adabwera kudzandiuza, ine yunifolomu ndavala kale, basi ikundithawa. Mukudziwa chimene ndidachita, ine mwana wa namkungwi? Ndidatsegula kabati, ndidawapatsa paketi ya mapadi ya kufamase, n'kunena kuti, "Kusukulu adakuuza kale, eti? Tidzakamba Loweruka." Loweruka limenelo mpaka pano silidafike. Mng'ono wawo Tiyamike ndiye ngakhale Lowerukalo sindidamulonjeze. 

Tiyamike yemweyo, mayi anu aang'ono, ndi amene adandikokera ku Australia chaka chatha, atasamukira kumeneko kukagwira unesi. Ulendo wake, ha! Wakwera ndege, watsika, wakweranso, miyendo yatupa, nsapato kukana kulowa. Amakhala pakati penipeni pa dzikolo, kuchipululu. Nditatuluka panja mmawa woyamba ndidaima kakasi. Dothi lake katondo weniweni, wa kumunda kwa agogo anga. Ndidawerama n'kulitapa m'manja. Tiyamike akuti, "Amayi, anthu akukuyang'anani." Ndidati aziyang'ana.

Tsiku lina kunali mwambo ku kiliniki kumene amagwira ntchito. Asanayambe chilichonse, mkulu wa pamalopo, mzungu, adaimirira n'kunena kuti malo amene taimapo ali ndi eni ake. Adatchula mtundu wawo, dzina limene lilime langa lidakana, n'kupereka ulemu kwa akuluakulu awo, amoyo ndi amene adagona. Ndidanong'oneza Tiyamike kuti, "Kodi kwagwanji?" Adati, "Palibe, amatero pamsonkhano uliwonse." Eni akewo ndi anthu akuda, Aaborijini, amene anali kumeneko azungu asanafike n'kuwalanda dziko. Ndikudziwa, Mphatso, usapukuse mutu, kutchula munthu si kumubwezera malo ake, nanenso ndidaganiza choncho. Komabe ndidakumbukira Akafula. Kwathu ndani adawatchulapo pamsonkhano?

Khoma la kilinikiyo, kuyambira pageti mpaka kumapeto, linali chithunzi chimodzi: zozungulira, njira zozilumikiza, ndi madontho, madontho, ofiira, oyera, achikasu. Mayi wina wachikulire, mmodzi wa eni malowo, adakhala pa kampando akubwezeretsa madontho pamene dzuwa lidasuwitsa, ndi kamtengo, osati bulashi. Ndidakhala pafupi naye, miyendo ikundiwawa. Adandifunsa kuti kwathu n'kuti. Ndidati ku Birmingham. Adaseka mpaka kamtengo kugwa.

Adati, "Sindikufunsa kumene makalata ako amafikira. Amayi ako dothi lawo lili kuti?"

Ndidachita manyazi, ana inu. Ndidatchula mudzi wathu motsitsa mawu ngati ndaba.

Adayamba kundilozera: ichi ndi chitsime, iyi ndi njira imene agogo ake ankayenda, apa ndi pamene akazi ankakhala akamakumba zakudya. Ndidaloza mbali ina pamene madontho adathithikana kwambiri, n'kufunsa kuti nanga apa. 

Adati, "Apo m'pa akazi a kwathu. Tisanayambe khomali tidakhala pansi ndi akuluakulu, kugwirizana choonetsa ndi chosaonetsa. Odutsa amaona madontho. Ife timadziwa chimene chili pamenepo."

 Anali mawu a amayi anga, m'kamwa mwa munthu amene sadamvepo za Dedza. Kenako adafunsa kuti, "Iwe zako wapatsa ndani?" Ndidanamizira kutsokomola.

Nditabwerera kuno zinthu zidayamba kundithawa. Makiyi m'firiji. Dzina la Chisomo kulisakasaka, mwana ali patsogolo panga. Kwa dokotala adandipatsa pepala kuti ndijambule wotchi, ndiike manambala. Ine ndagwira ntchito m'mawodi a okalamba, pepala limenelo ndalipereka kwa anthu ndi manja angawa, ndikudziwa chimene limafunafuna. Wotchi ndidajambula bwinobwino, ndidakwera basi yobwerera. Ndidayesa kuimba chamumtima nyimbo za amayi zija. Ziwiri zidasowa, ngakhale poyambira pake.

Pamenepo ndi pamene ndidachita chopusa. Ndidatenga kabuku kamene ndimalembamo kuthamanga kwa magazi, kutsamba lomaliza, n'kujambula chachikulu pa zonse zimene amayi adandiumbira, kuopa kuti chingandithawenso. Ndidati ndifafaniza mawa. Bolopeni safafanizika, ndipo mawa lakelo ndidaiwala kuti ndajambula.

Zotsalazo ukuzidziwa, Tadala, mkazi mnzanga. Ndine ndidakuonetsa zithunzi za khoma la ku Australia pafoni. Ndiwe udapita nazo kwa a komiti ya holo ya kuno ku Oldbury, kuti khoma loyang'ana kungalande lija, lodzaza ndi zotukwana, lipentedwe, banja lililonse liikepo za kwawo. A ku Jamaica adaika zawo, a ku Punjab zawo, azungu a kuno adaika ng'anjo ndi maunyolo amene makolo awo ankasula. Ndidanyada, ndidauza mpingo wonse kuti maganizo ndi a mdzukulu wanga. Udandifunsa katatu kuti za kwathu ujambule chiyani. Katatu konse ndidati, "Ndikuganiza kaye." Ndiye tsiku lija unkandiikira mapiritsi m'kabokosi udapeza kabuku, udaona chinthu chokongola chojambula agogo ako, udachitenga pafoni, udati uwadzidzimutse. Wandidzidzimutsadi.

Dzulo mmawa foni inalira. Anali Mayi Zulu, aja a ku Katete, ku Zambia, amene afika chaka chino kudzasamala okalamba, amakhala kumbuyo kwathu kutchalitchi. Kwawo mwambo ndi womwewu. Ankapita kokwera basi, anadzera njira ya kungalande.

Akuti, "Amama, vamene naona pa chipupa paja nalephera na kuyang'ana kawiri. Nafunda chitenje kumaso. Azibambo apita pamenepo na agalu, amama. Nindani wachita ivi?"

Ine osamva chimene akunena. Anati anditumizira chithunzi, kenako anati iyayi, zotere sizitumizidwa pafoni, pitani mukaone nokha.

Ndinapita, chitenje pamwamba pa jekete, ndodo m'manja. Nditakhota pakona pa holo ndinachiona, choyera mbee, kuyambira m'mawondo kufika pamutu panga, chilichonse pamalo pake, ngakhale kamzere kamene ine ndinkakayika. Dzanja lako ndi la amayi anga, mwana iwe, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. Ana a sukulu akudutsa. Bambo wina waima akudya sangweji, akuyang'ana. Ndinamva ngati andivula pamsika. Ndinaganiza za mawa: abusa, amadoda a kumpingo, amayi a ku Mchinji ndi a ku Chipata amene adavinidwa ngati ine, onse ataima pamenepo, ena akuomba m'manja, ena akuyang'ana pansi, akufunsana kuti ndi mwana wa ndani waulula mwambo. 

Ndinakuimbira kawiri, unali m'kalasi ku koleji. Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga chitini cha penti amene Mphatso adapakira masitepe a pakhomo, bulashi osaipeza. Ndinaviika dzanja. Ndinatsutsuta monga ndinkachitira ndili mtsikana, kuyambira pamwamba kutsika. Mzungu wina wa galu anaima n'kufunsa ngati ndili bwino, foni ili kale m'manja. Ndinati basi, zaka zonsezi m'dziko muno osaponda kupolisi, lero ndikalowa m'selo chifukwa cha khoma. Ndinamuuza kuti ndine agogo ake a wojambula, ndikukonza polakwika. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana imvi, anakoka galu wake n'kumapita.

Mawu okha amene wandilankhula kuyambira dzulo ndi aja unanena ukulira: "It was just a pattern, Gogo." Unayenera kutero, chifukwa palibe adakuuza. Wolakwa si iwe. Ndine ndidasiya mayi ako ndi paketi ya kufamase, ndine ndidajambula papepala, ndine ndidakuyankha kuti ndikuganiza kaye. Ntchito imene wazizidwa nayo masabata atatu ndaikwirira mmawa umodzi, ndipo zikundiwawa. Pepa, mwana wa mwana wanga. Koma dzulo litati libwerenso, ndingapakenso.

Tsono tamvera. Penti uja wauma, ndinakamukhudza mmawa uno. Akuoneka ngati khoma la kwathu lotsutsuta kumene. Mawa tisanapite kutchalitchi, ngati ulola, tipite tonse ndi wakuda ndi woyera. Ndikakuonetsa lamba wa amayi anga, njira ya mbuzi, ndi nkhanga, za panja zija zimene ankaimira anthu opita kuchigayo. Madontho akaike Chisomo ndi chala. M'munsi ukalembe dzina la mudzi wathu ndi dzina la amayi anga, ukalembenso Akafula, amene adayamba kulemba pa miyala ya kwathu. Chapansicho chikhale pansi pomwepo. Odutsa adzaona nkhanga.

Kaya timaliza a khansolo asanafike, kaya a komiti akalipa, sindikudziwa. Koma chimene chikundiopsa kuposa a komiti n'china. Amayi adandisiyira malamulo awiri. Loyamba ndalikonza ndi penti. Lachiwiri latsala, ndipo nyimbo zosowa zija mmawa uno zakwana zitatu.

Mphatso, amuna anga, dzuka. Tenga mlongo wakoyo mukagule tchipisi, mudzere njira yaitali, musabwere msanga. Chisomo, usakwinye nkhope, sukhala mwana mpaka kale. Ngati tsiku lako lidzandipeze nditaiwala, adzakuuza ndi Tadala. Mukakumana ndi mayi anu akutsika basi ya kuntchito, muwauze afulumire. Muwauze kuti agogo ati Loweruka lija lafika.

Tadala, watembenuka? Chabwino. Pukuta m'maso. Pita kukhitchini ukatenge thireyi yaikulu ija ndi ufa mbale imodzi, dothi kuno tilibe. Kabuku kaja ubwere nako, ting'ambe tsambalo. Chithunzi chili m'foni mwako uchifafanize ine ndikuona, kenako foniyo uisiye panja pa chitseko. Fulumira, mwana iwe, zidakali m'mutu.